Kaphukusi Kakuda M'gitala ya Alamu

Lachitatu lina la mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuthira anthu fumbi m'maso m'tinjira ta ku Kapata, Esnat anaima pakhomo la shopu ya mchimwene wake atavala zakuda, koma sanalowe. Zaka khumi ndi zisanu zinali zitapita asanapondepo phazi pamenepo. Mchimwene wakeyo, Yosefe Miti, kalipentala wokhoma magitala a mabokosi, anamuona bwinobwino, koma anapitiriza kupala thabwa ngati pakhomopo paima mbuzi ya eni. Munthuyo ndi mmene analili. Funsani aliyense ku Kapata, akuuzani kuti manja ake analibe anzake m'Chipata monse, koma pakamwa pake, Mulungu atichitire chifundo, ndi pamene panali vuto.

"Achimwene, Loweruka mubwere ku Madzimoyo," anatero Esnat. "Abale a malemu akufuna gitala ija itsekulidwe anthu akuona. Akuti mutsekule ndinu, popeza anaikhoma ndinu, ndiponso anayamba kunena ndinu."

"Ndinanena chiyani ine?"

"Mukudziwa. Akapezamo kanthu, akuti ndichoke pamudzi, ndisiye nyumba ndi munda. Akuti kanthuko ndinkakasamala ndine, ndipo ndi kamene kadya mwamuna wanga."

Yosefe anauzira utuchi pathabwa, natseka diso limodzi kuyesa ngati lawongoka.

"Chimene chili m'katimo sindinaikemo ndine," anatero. "Ndibwera. Choona chioneke."

Esnat anatembenuka kupita kukakwera minibasi. Mlongo wake wa bere limodzi, namfedwa wa milungu itatu, anachoka osapatsidwa ngakhale madzi akumwa.

Kuti mlanduwu umveke, tiyambire pa kabokosi. Bambo a Yosefe anali khukhi pa famu ya fodya ya mzungu wina, ndipo tsiku lina anabwera kunyumba ndi kabokosi kopanda kanthu ka ndudu zikuluzikulu zija azungu amasuta akakhuta. Kanali ka thabwa lopyapyala, lonunkhira bwino. Anakabweretsa kuti akazi awo azisungiramo singano ndi mabatani, koma Yosefe, ali ndi zaka khumi, anakaboola, nalowetsamo mpini wa khasu wakale, namangapo nsambo zitatu za waya wa mabuleki a njinga. Anakwapulidwa mpaka kulephera kukhala pansi, koma kabokosiko kanalira. Kuyambira tsiku limenelo mutu wake sunachokenso m'mabokosi.

Atakula anatsegula shopu ya malata ku Kapata. Zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro ndizo zinkamudyetsa, koma mtima wake unali pa magitala. Ankawakhoma pa muyeso wa kabokosi kaja ka ndudu, m'mbali mlombwa, pamwamba thabwa lopyapyala, ndipo kabokosi kenikeniko ankakapachika pa msomali pamwamba pa benchi. Luso linalipo, koma ukali ndiwo unaposa. Munthu wina anapempha kuti gitala yake aipake penti yofiira, Yosefe anamupitikitsa mpaka pamsewu, akumuuza kuti akapente agogo ake. Mphunzitsi wa kwaya atanena kuti nsambo imodzi yatsika, anauzidwa kuti chatsika ndi khutu lake. Mkazi wake Dolika ankauza anzake pamjigo kuti iye anakwatiwa ndi sowo, imadula popita n'kudulanso pobwera.

Ndiye kunabwera nyengo ya masipika. Tchalitchi chilichonse chinagula ampu, bokosi lopatsa sipika mphamvu, alaliki a pamsika anayamba kuyenda ndi zokuzira mawu, ndipo gitala ya bokosi, yomwe kale inkamveka bwino pansi pa mtengo, inamira m'phokoso la ng'oma ndi makiyibodi. Yosefe sanagone nazo. Anamva kwa amisiri a mawailesi za kachitsulo kena kozungulira, kamkuwa, kukula ngati ndalama yachitsulo, pakati pake koyera, kamene kamalira pi-pi-pi m'mawotchi odzutsa anthu ndi m'zidole za ana. Amakatcha piyezo. Ukakamata m'kati mwa bokosi n'kuwotchererapo mawaya awiri, kamamva kunjenjemera kwa thabwa n'kutumiza mawu ku ampu. Yosefe anazungulira msika wonse kutola zidole zakufa, nafumula mawotchi a anthu, mpaka anadzaza kachitini ka tizitsuloto.

Koma mawu ake, amayi ine! Ang'onoang'ono, owuma, ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Anakamata pakati pa bokosi, zii. Anakasunthira pafupi ndi kamtengo kotsamira nsambo, kamene amati buliji, mawu anakwerako pang'ono, iye n'kusangalala masiku awiri okha. Anaikamo tiwiri, kenako titatu. Anapala chivundikiro cha bokosi mpaka chinayamba kuonetsa dzuwa, ndipo chinang'ambika m'manja mwake. Anathira guluu wambiri poganiza kuti kagwira zolimba, osadziwa kuti akukakwirira kamoyo. Akakweza voliyumu ya ampu kufika kumapeto, sipika inkaliza mluzu woboola m'makutu mpaka agalu a ku Kapata kuyankha. Akakakulunga m'siponji ya matiresi kuti mluzuwo uleke, mawu onse ankathera m'siponjimo. Tina ankatiwotcha mopitirira polumikiza waya, koyera kaja n'kusweka, iye n'kutukwana amene anakapanga kutsidya la nyanja pamodzi ndi mtundu wawo wonse. Zaka zitatu anakhala akulimbana nazo, osapempha nzeru kwa munthu.

Tsopano mumudziwe mlamu wake. Lemmy Shawa, mwamuna wa Esnat, anali mlimi wa mtedza ndi thonje ku Madzimoyo, koma pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu anali ndi katebulo kokonzerapo mawailesi. Anali munthu wochepa mawu, woseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, ndipo akamakonza wailesi ankakupatsa msana kuti usaone chimene wagwira. Awiriwa sanakondanepo chiyambire. Yosefe ankati munthu wosayankhula ndi mfiti imene ili patchuthi. Lemmy ankati alamu ake ndi wailesi yothyoka kabatani kozimitsira. Komabe chifukwa cha Esnat, Yosefe anamukhomera gitala, ndipo pofuna kumuonetsa kuti mmisiri ndani, anaikhoma bwino kuposa ina iliyonse.

Chaka china makwaya a m'miphakati anakumana pabwalo la tchalitchi china kunja kwa tauni. Ampu inali imodzi, waya wautali umodzi, aliyense ankalumikiza chake nthawi yake ikakwana. Kwaya ya ku Kapata italowa, Yosefe analumikiza gitala yake, ng'oma zinayamba, ndipo anthu ankangoona zala zake zikuthamanga pa nsambo, mawu osamveka. Anakweza voliyumu, sipika inaliza mluzu wake uja, ana oberekedwa kumsana anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Kenako inalowa kwaya ya ku Madzimoyo. Lemmy anatenga waya womwewo, nalowetsa m'gitala yake, nakhudza nsambo imodzi. Mawu anatuluka onenepa, ozama, odzaza bwalo lonse, mpaka oyenda panjinga kumsewu anaima kuti amvere. Amayi analiza nthungululu nyimbo isanafike n'pakati pomwe.

Mayi wina, mwa amayi aja osadziwa kunong'ona, anafunsa mnzake kuti, "Kodi si mmisiri mmodzi anakhoma onse awiri? Ndiye wadzimana yekha bwanji?"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamulowa Yosefe mpaka m'mafupa. Anayang'anitsitsa gitala ya Lemmy. Msomali uliwonse ankaudziwa, mzere uliwonse wa thabwa ankaudziwa. Chachilendo chinali chimodzi chokha: kumsana kwa bokosi kunali kachitseko kakang'ono kodulidwa bwino, komangidwa ndi masikuluwu anayi. Anabwerera ku Kapata osadya nawo chakudya cha pamsonkhanowo.

Patapita sabata, Esnat anafika pashopu masana, anthu atatu akudikira mipando yawo. Anamasula pangodya ya chitenje natulutsa kaphukusi kakuda, kukula ngati mabokosi awiri a machesi, kokulungidwa ndi tepi wakuda ndi mphira wa chubu cha njinga, timawaya titatulukira kumapeto.

"Alamu anu akuti muike aka m'kati mwa gitala, mawu adzakwera," anatero motsitsa mawu. "Akuti mukafuna abwera kudzakusonyezani kaikidwe kake, koma musauze anthu."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Sindikudziwa, achimwene. Amapanga atadzitsekera."

Kodi kukamasula kukanamuthyola chala? Kodi kukwera njinga kukafunsa mwini wake kukanamutha miyendo? Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Yosefe anaona tepi wakuda, anamva zoti musauze anthu, anamva zodzitsekera, basi mlandu unatha m'mutu mwake. Sanakakhudze ndi dzanja. Anakapana ndi pulayala, nakakweza m'mwamba kuti odikira mipando aja aone, naitana ndi oyandikana nawo omwe.

"Onani zimene andibweretsera," anatero. "Ine mkhristu wobatizidwa, woimba m'kwaya, akuti ndiike chithumwa m'gitala. Ndiye chinsinsi cha ku Madzimoyo chimenechi. Iwe Esnat, amayi anakulera kuti uzinyamulira mwamuna zonyansa?"

Anayenda nako anthu akumutsata, nakakaponya m'chimbudzi cha kuseri. Esnat anachoka atafunditsa nkhope m'chitenje, akulira. Ndi tsiku limenelo lomwe analeka kuponda pashopupo.

Tinene zoona, chimene chinamukomera Yosefe pa nkhaniyi sichinali chikhristu ayi. Chithumwacho chinamuchotsera manyazi. Ngati Lemmy anapambana ndi mankhwala, ndiye kuti luso la Yosefe silinagonje, ndipo mayi uja wosadziwa kunong'ona anali atayankhidwa. N'chifukwa chake nkhaniyi anaikonda kuposa nyimbo iliyonse. Anainena pamsika, anainena kometa tsitsi, anainena pamaliro, anainena atakhala kumbuyo kwa njinga ya hayala, woyendetsa akupalasa pachitunda alibe kothawira. Ndipo nthawi zonse ankamalizira ndi mawu omwewo: "Mlongo wanga yemwe ndiye anabwera nako m'manja mwake, ndinaona ndi maso angawa."

Nanga Lemmy? Musaganize kuti anali mngelo. Nkhaniyo itamufika sanakane, anangoseka ndi mbali imodzi ija ya pakamwa. Miyezi ingapo ikapita ankalowa m'nyumba ndi gitala ndi chomasulira masikuluwu, n'kukhoma chitseko, ndipo anthu ankati wapita kukadyetsa kanthu kake. Atamva zimenezo anayamba kutsekanso ndi makatani omwe, dala. Mbiriyo inkamuitanitsa ku maukwati mpaka ku Katete, popeza anthu amaopa mankhwala koma amakonda kuwaonerera. Esnat anamugwadira kangapo kuti atsekule gitalayo pagulu nkhaniyi ithe. Iye ankangoti, "Alamu ali ndi miyendo. Abwere adzafunse okha." Amuna awiri odzikuza anakokana chingwe zaka khumi ndi zisanu, ndipo chingwecho chinali mkazi mmodzi.

Esnat analibe mwana. Poyamba anthu ankamumvera chisoni, koma nkhani ya kaphukusi itafala anayamba kunena kuti mimba zake zinkathera m'gitala. Pamjigo akazi ankasuntha ndowa zawo akafika. Kukabadwa mwana pamudzi, amake ankamufunditsa nsalu Esnat akamadutsa. Iye ankangolima mtedza wake, n'kumayankhula ndi nkhuku. Kenako Lemmy anayamba kudwala, kutsokomola, kuonda, mvula ziwiri zathunthu, kuchipatala n'kubwerera, mpaka anamwalira. Yosefe, wokhoma mabokosi a maliro a anthu osawadziwa n'komwe, la mlamu wake sanakhome. Anafika pamaliro, nakhala kumapeto kwenikweni kwa amuna, nachoka anthu asanasambe m'manja.

Mkulu wake wa Lemmy, Jabulani Shawa, ndiye anatsogolera zogawa katundu wa malemu. Munda wake unachita malire ndi wa Lemmy, ndipo aliyense ankadziwa kuti maso ake anali pa dimba la kumunsi, limene silinkaphwa madzi ngakhale mu Okutobala. Koma sanafunike kupeka bodza lililonse. Bodza linali lokhomakhoma kale, lopalidwa bwino, ndipo analikhoma anali mchimwene wake wa namfedwayo.

Loweruka lija Yosefe anakwera minibasi m'mawa, pensulo yake ili kukhutu monga mwa masiku onse, chomasulira masikuluwu chili m'thumba la jekete. Musaganize kuti ankaganiza za mlongo wake. Njira yonse ankakonza mawu oti akanene kaphukusi kakatuluka, ndipo milomo yake inkagwedezeka yokha mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anasunthira kuwindo. Anafika dzuwa litakwera. Gitala inali pa mphasa pansi pa mtengo wa mango uja, atachita kuitulutsa m'nyumba ndi thumba kuti munthu asaikhudze. Amuna anakhala mbali ina, akazi mbali ina, ndipo Esnat anakhala yekha pansi pafupi ndi nkhokwe.

"A Miti, mwafika," anatero Jabulani osatambasula dzanja. "Amene anaona njoka ndiye amaloza una. Tsekulani."

Yosefe anagwada, natembenuza gitalayo, namasula masikuluwu anayi aja. Choyamba kuona chinali piyezo imodzi yokha, yopanikizidwa zolimba pansi penipeni pa buliji ndi kathabwa kakang'ono, guluu wake wochepa ngati wongonyambititsa. Pambali pake panali kaphukusi kakuda, mapasa ndi kaja anakaponya m'chimbudzi. Anthu anafutuka, mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda. Mtima wa Yosefe unadumpha ndi chimwemwe, ndipo mawu anakonza m'minibasi aja anali atafika kale pa lilime.

Poika kachitseko pansi, anakatembenuza, ndipo anaona kuti kuseri kwake kunali kolembedwa ndi pensulo. Panali timizere ndi tizizindikiro tonga timene amisiri a mawailesi amajambula, ndipo pansi pake panali mawu anayi, olembedwa mopendekera: "Alamu, ndi batire chabe."

Anawerenga kawiri. Kenako anatulutsa mpeni. Amayi anayamba kumuletsa kuti asadule, ena anadzuka kukokera ana kutali, koma iye anang'amba mphira, nasenda tepi. M'katimo munali batire laling'ono la makona anayi, lija lokhala ndi timitu tiwiri pamwamba, ndi kabolodi kakang'ono kokhala ndi kachinthu kakuda ka miyendo itatu ndi tina tamizeremizere, timene anationapo kambirimbiri m'mimba mwa mawailesi akufa. Munalibe fupa, munalibe tsitsi, munalibe muzu.

Choyamba kumugwira unali mkwiyo, ndipo anakwiyira wakufayo. Galu iwe, anatero mumtima, zaka zonsezi ukundiseka, ndipo wadikira uli m'manda kuti undiyankhe. Akanakhala kuti manda anali pafupi, mwina akanapita kukawatukwana. Kenako anakweza maso, naona mlongo wake pafupi ndi nkhokwe, atakalamba, mapewa atagwa, akuyang'ana pansi. Manyazi anamugwira.

Akanatha kukhala chete. Anthu anali ataona kaphukusi kakuda, ndipo ali patali sanaone za m'kati mwake. Akanangokafumbata, n'kunena mawu ake aja, n'kubwerera ku Kapata ali mneneri. Apa pokha tiyeni timupatse ulemu wake, sanatero.

"Abale, ili ndi batire," anatero, mawu ali osasa. "Bweretsani ampu ya malemu."

Anabweretsa ampu ndi batire lalikulu la sola. Yosefe analumikiza, nakhudza nsambo, ndipo mawu aja onenepa anatuluka mpaka nkhuku zinabalalika. Anachotsa kabatire kakang'ono, nakhudzanso, zii. Anakabwezera, mawu anabwerera. Anachita zimenezi katatu, akukweza kabatireko m'mwamba monga anakwezera kaphukusi kaja ndi pulayala zaka zapitazo.

Jabulani anamudikira mpaka amalize.

"A Miti, batire tonse timalidziwa," anatero mofatsa. "Koma zaka khumi ndi zisanu mwakhala mukutiuza inu nomwe kuti ndi mankhwala, ndipo munkati munaona ndi maso anu. Ndiye tithandizeni. Munkanama nthawi ija, kapena mukunama lero?"

"Ndinalakwitsa," anatero Yosefe. Liwu limenelo anali asanalitulutsepo chibadwire, ndipo linatuluka ngati akuzula dzino. "Sindinamasule. Ndinali ndi nsanje, ndinali chitsiru. Mlongo wangayu alibe mlandu."

"Moto wafika pa mlongo wanu, ndiye lero lasanduka batire," anatero Jabulani. "Ngakhale likhale batire, nanga bwanji? Masiku ano ndi mankhwala omwe amayendera batire, a Miti. Dziko linasintha."

Amuna ena anagwedeza mitu kuvomereza. Yosefe anatola kachitseko kaja naloza zolembedwa.

"Werengani nokha. Analemba ndi mng'ono wanu, ndi dzanja lake."

Jabulani sanakalandire n'komwe. Anangoloza ndi chibwano ku khutu la Yosefe.

"Woyenda ndi pensulo pano ndi mmodzi yekha," anatero, "ndipo wagwada pamenepo nthawi yaitali atatipatsa msana."

Pamenepo ukali wa Yosefe unaphulika. Anatukwana Jabulani, anatchula za dimba, anatchula umbombo wa a Shawa kuyambira kwa makolo awo, ndipo mawu alionse amene ankatuluka ankangokhomerera msomali wina pa mlandu wa mlongo wake. Anthu amene mwina akanakayika anaumitsa nkhope. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Yosefe anaupeza wake utakhala pamphasa ku Madzimoyo, utamudikira.

Anamuletsa ndi Esnat. Anadzuka, nasasa fumbi pa chitenje, nayenda kudzaima pakati pa bwalo.

"Basi, achimwene," anatero. "Mwachedwa."

Mphunzitsi wina wopuma ntchito wa pamudzipo anamukokera Esnat pambali, namuuza kuti lamulo lili kumbali yake, apite ku maofesi m'tauni, munda sangalandidwe chonchi. Esnat anamuthokoza. Anati boma likhoza kumubwezera munda, koma silingauze mkazi mnzake kuti amupatse mwana amunyamule, ndipo iye watopa kukhala pakati pa anthu osuntha ndowa. Analowa m'nyumba, namanga matiresi, mapoto ndi zovala. Pochoka, Jabulani anakankha mphasa ndi phazi nati, "Tengani ndi chinthu chanuchi." Esnat ndi Yosefe anakwera kumbuyo kwa lole yonyamula thonje kupita ku Kapata, gitala ndi ampu ya malemu zili pakati pawo.

Dolika anasesa kachipinda ka kuseri kwa shopu, kamene munkakhala matabwa, ndipo Esnat akukhala momwemo mpaka lero. Amasenda mtedza wa anthu ena pa ganyu, iye amene ankadzaza nkhokwe yakeyake. Yosefe anatenga kachitseko kaja kupita nako kwa Irene, mayi wokonza mafoni ndi mawailesi pamsika, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anafunsa munthu. Irene anayang'ana timizereto kamphindi kochepa. Anamuuza kuti piyezo ili ndi mawu okwanira, koma ilibe mphamvu yowakankhira mu waya wautali kukafika ku ampu, ndiye amathera m'njira. Kachipangizo ka batireko kamawalandira ali pafupi, asanafooke, n'kuwaperekeza. Anawonjeza kuti aleke kukwirira kachitsuloko m'guluu, azingokapanikiza pansi pa buliji. Tizipangizo tonse anamutolera m'wailesi yakufa imene inali pansi pa tebulo lake. Ntchito imene inamudya zaka inatha madzi a tiyi asanawire.

Masiku ano magitala a Yosefe Miti amamveka. Makwaya amabwera kuchokera ku Katete, ku Lundazi, ngakhale kutsidya kwa malire ku Mchinji. Kachipangizo kake sakakulunga ndi tepi. Amakaika m'kabotolo koonekera m'kati, ndipo wogula aliyense amamukakamiza kusuzumira. "Onani, ndi batire chabe," amatero, ndipo amene waseka amapitikitsidwa mpaka pamsewu, pakuti ukali wokha sunathe.

Koma pali tsiku limodzi limene oyandikana naye amalikumbukira. Atangophunzira ntchitoyi, anatsitsa pa msomali kabokosi kaja ka ndudu, ka bambo ake, nakaikira kachipangizo koyamba. Anali masana, dzuwa likuswa mtengo. Analumikiza ku ampu ya Lemmy, nakweza voliyumu, naimba. Mawu amene anawasaka theka la moyo wake anadzaza shopu, nagwedeza malata, natulukira panja, ndipo anthu anayamba kusonkhana pakhomo. Yosefe anatseka maso, misozi ili pafupi, zala zikuthamanga.

Chitseko cha kuseri chinatseguka. Esnat anaima pamenepo ndi lichero la mtedza m'manja, makoko atamumatirira pa chitenje. Sanakwiye, sanakweze mawu. Anadikira mpaka mchimwene wake atamuona n'kugwira nsambo.

"Achimwene, chepetsani," anatero. "Ikulira ngati ya malemu."

Yosefe anatambasula dzanja, napotoza kabatani mpaka pansi, ndipo anthu a pakhomo anabalalika mmodzimmodzi. Kuyambira tsiku limenelo, gitala iliyonse yatsopano amaiyesa voliyumu ili pansi, atagwada, khutu ataligunditsa pa sipika.